Nyali Yopanda Moto: Mbiri ya Kuwala Kozizira

Mvula ikagwa masana nikata madzulo, madambo a m'mbali mwa mtsinje wa Kafubu ku Ndola adzala ndi timiuni tobiriwira, tothwanima pamwamba pa udzu. Ana a ku Nkwazi ndi a ku Chifubu azidziwa bwino ziphaniphani. Azithamangitsa, azifumbata m'manja, nazionetsa anzao. Koma sipanamveke mwana ndi mmodzi yemwe amene anapsa nazo cala. Nthawi yomweyo ku Kitwe amuna a ku Wusakile ndi a ku Mindolo ali pa mzere kulandira nyali zao, kuti atsike pansi ku nchito ya usiku. Pakati pa kacirombo ka m'dambo ndi nyali ya pa cisoti pali mbiri ya zaka zoposa 300, ndipo funso lace ndi limodzi: kodi munthu angapeze bwanji kuwala kopanda moto?

Kwa munthu wa kunja funso limeneli lioneka lacabe. Wodziwa kulemera kwace ndi iye amene anatsikapo m'cikepe. Mdima wa m'mgodi suli ngati wa usiku wopanda mwezi, umene maso auzolowera pang'ono-pang'ono. Pansi nyali ikazima, munthu angakhale tsiku lathunthu ali cipenyere, osaona ngakhale cikhatho cace. Popanda nyali palibe nchito, palibenso njira yobwerera kwao. Koma kwa zaka zambiri-mbiri nyali iriyonse imene anthu anaidziwa inali lawi, ndipo m'migodi yina lawi ndilo linali imfa.

Bvuto linakula koposa m'migodi ya malasha ya ku England m'zaka za m'ma 1700. M'malasha mukhala mpweya wosaoneka ndi wosanunkha, umene lero uchedwa metheni. Ukacuruka kufikira magawo 5 mpaka 15 mwa magawo 100 a mpweya wa m'njira, nukomana ndi lawi ngakhale la kandulo, uphulika. Ndipo fumbi la malasha limene kuphulikako kwautsa liyakanso, kotero kuti moto uthamanga m'njira zonse za mgodi. Carlisle Spedding, woyang'anira migodi ya ku Whitehaven, anapanga kagudumu kacitsulo kozunguza ndi dzanja, kokhula pa mwala wolimba. Mnyamata anali kukhala pambali pa wokumba, nazunguza kagudumuko tsiku lonse, ndipo wokumbayo anali kugwira nchito ndi kuwala kwa mbaliwali zace. Anthu anayesa kuti mbaliwali sizingayatse mpweya woipawo. Pambuyo pace maliro anawaphunzitsa kuti ziuyatsa ndithu.

Ena anayesa njira yodabwitsa. Nsomba ya m'nyanja ya mcere ikayamba kubvunda, khungu lace liwala pang'ono mumdima. Ndipo m'malo oopsa koposa okumba anatenga zikopa zotere kuti ziwaunikire. Kuwala kwace kunali kocepa, kosakwanira ndi kuona mng'alu wa padenga, ndipo za pfungo lace m'njira yopanda mphepo sizifunika kuzinena. Komabe amuna amenewo anali atanyamula m'manja mwao cinthu cimene anzeru anali kucifuna-funa: kuwala kosatentha.

Za kuwala kumeneku anthu ophunzira anali atayamba kale kufunsa. M'caka ca 1667 Robert Boyle, ku Oxford, anatenga cidutswa ca mtengo woola umene unali kuwala usiku, naciika m'botolo lagalasi, napopa mpweya kuucotsamo. Kuwala kunazirala. Atalowetsanso mpweya, kunabwerera. Anacita comweco ndi nsomba yobvunda, napeza zomwezo. Motero kunadziwika kuti kuwala kozizira kupuma mpweya monga khala la moto, cinkana sikutentha. Lero cidziwika kuti cowala m'mtengo woola ndi mtundu wa bowa, ndipo cowala pa nsomba ndi tizirombo tosaoneka ndi maso.

Patapita zaka ziwiri, m'caka ca 1669, Hennig Brand wa ku Hamburg anali kufuna kupanga golide, naganiza kuti angampeze mu mkodzo cifukwa ca maonekedwe ace. Anawiritsa mkodzo wambiri-mbiri. Golide sanampeze, koma anatsala ndi kanthu koyera konga phula, kowala kokha mumdima. Ameneyo ndiye fosiforasi, amene mtundu wace wofiira ukhala pambali pa bokosi la macesi. Uwu unali umboni wakuti kuwala kozizira sikufuna moyo. Mankhwala okha akhoza kukubala. Koma fosiforasi woyera ayaka yekha akakhala pa mpweya, ndipo sakanathandiza munthu wa m'mgodi.

Kusiyana kwa kuwala kuwiriku kuli motere. Mankhwala awiri akakomana nasandulika cinthu catsopano, kawiri-kawiri patsala mphamvu imene iyenera kuturuka. Pa moto wa nkhuni kapena wa kandulo mphamvuyo ituruka monga kutentha, ndipo lawi liwala cifukwa timwaye ta m'kati mwace tatentha kufikira kuyera, monga citsulo ca m'ng'anjo. Koma pali mankhwala owerengeka amene mphamvu yao ilambalala njira ya kutentha, nituruka ngati kuwala kokha-kokha. Ciphaniphani cigwiritsa nchito mankhwala otere.

Pa 25 May, 1812, mgodi wa Felling, pafupi ndi Newcastle, unaphulika, nupha amuna ndi anyamata 92. Cisoni ca tsiku limenelo cinautsa anthu, ndipo anapempha Humphry Davy, katswiri wa mankhwala wa ku London, kuti awathandize. Davy sanapeze kuwala kozizira; iye anamanga lawi m'khola. Anaona kuti lawi silidutsa pa ukonde wa waya wa timabowo tating'ono, popeza wayayo amwa kutentha kwace. M'caka ca 1815 anapanga nyali yozingidwa ndi ukonde wotere, ndipo caka comweco George Stephenson, uja wa sitima za pamtunda, anapanga yace ku Killingworth. Davy anakana kudzisungira yekha phindu la nyali yace. Inali yosawala kweni-kweni, ndipo okumba anadandaula nayo. Koma inali ndi mphatso imene palibe anaifuna poyamba. Metheni akalowa, pamwamba pa lawi paoneka kacisoti kobiriwira, kamene katalika mpweyawo ukamacuruka. Ndipo mpweya wopuma ukacepa, lawi lifota nizima munthu asanakomoke. Nyali inasanduka mboni. Mau amenewa ayenera kusungidwa, pakuti mbiri yonse yotsatira iyenda m'njira yomweyo.

Migodi ya mkuwa iribe malasha, ndipo lawi la poyera silinali loopsa m'menemo monga ku England. Nyali imene amuna oyamba a ku Copperbelt anaidziwa, pamodzi ndi kandulo, ndi ya kabaidi. Mpweya wace, asetilini, anaupeza Edmund Davy, mbale wace wa Humphry, m'caka ca 1836. M'caka ca 1862 Friedrich Wöhler wa ku Germany anaonetsa kuti kabaidi akakhudzana ndi madzi aturutsa mpweya umenewu. Koma kabaidi anakhala wosowa kufikira 1892, pamene Thomas Willson, ku Spray m'dziko la America, anampanga mwangozi alikufuna njira yopangira aluminiyamu. Anaocha laimu pamodzi ndi malasha m'ng'anjo ya magetsi, napeza miyala yotuwa imene inacita thovu m'madzi. Pofika 1900 Frederick Baldwin anali atalembetsa nyali ya kabaidi ya m'migodi ku New York.

Mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya unayamba kuturutsa mkuwa m'caka ca 1931, wa Nkana 1932, wa Mufulira 1933. Amuna ocokera ku Fort Jameson, ku Petauke ndi ku Nyasaland, amene kwao anazolowera muuni wa udzu ndi koloboi, anaphunzira nyali yatsopano. Inali ndi zipinda ziwiri: madzi pamwamba, kabaidi pansi. Munthu anali kupotoza kacitsulo kuti madzi adonthe pang'ono-pang'ono. Mpweya unali kuturukira pa kabowo kang'ono, nuyaka ndi lawi loyera mbee patsogolo pa kambale konyezimira. Madzi akadontha kwambiri lawi lilira niwononga kabaidi, akacepa, lifota. Pfungo lace linga la adyo, ndipo potha nchito m'cipinda ca pansi mutsala phala loyera, ndilo laimu uja wabwerera mwini wace. Alenje oyenda usiku anaikonda nyali imeneyi, ndipo amisiri ena olumikiza zitsulo agwiritsabe kabaidi. Pali cinthu cimodzi cimene munthu wa dziko la mkuwa ayenera kucidziwa: asetilini sagwirizana ndi mkuwa weni-weni. Akakhalitsa pamodzi abala mankhwala ofiirira amene aphulika akangogundidwa. Ndico cifukwa cace mipope ya mpweya umenewu sipangidwa ndi mkuwa wosasanganiza.

Koma kabaidi ndi moto ndithu, ndipo funso lakale linali likali ciimire. Amene analiyandikira ndi Raphaël Dubois wa ku France. M'caka ca 1885 anasinja ziwalo zowala za kacirombo kena ka ku West Indies m'madzi ozizira. Madziwo anawala kanthawi, nazima. Anasinjanso zina m'madzi otentha. Amenewo sanawale konse. Tsono anathira pamodzi madzi awiri akudawo, ndipo kuwala kunabuka. Dubois anazindikira kuti pali zinthu ziwiri. Cimodzi ndico cimene cimatha, monga mafuta a m'nyali. M'madzi ozizira cinali citatha, koma m'madzi otentha cinatsala. Cinzace ciri ngati nkhoswe: cikomanitsa mafutawo ndi mpweya, osatha ico comwe; madzi otentha anacipha, koma m'ozizira cinali cikali ndi mphamvu. M'caka ca 1887 anabwereza zomwezo ndi nkhono ya m'nyanja, nacha mafutawo lusiferini ndi nkhosweyo lusiferezi, kucokera ku liu la Cilatini lotanthauza wonyamula kuwala.

Dubois sanaiwale migodi. Pa cionetsero cacikuru ca ku Paris, m'caka ca 1900, anaunikira cipinda ndi mabotolo odzala tizirombo towala, ta mtundu uja wa pa khungu la nsomba. Ganizo linali lakuti nyali zamoyo zotere zikalowe m'migodi ndi m'nyumba zosungiramo onga. Sizinatheke. Tizirombo tifuna cakudya ndi mpweya, tifa pakatentha, ndipo kuwala kwao sikufika patali. Cimene cinapambana ndi magetsi. Nyali ya Thomas Edison, ya batire wa m'cuuno ndi nthambo yokwera ku cisoti, inabvomerezedwa m'migodi ya ku America m'caka ca 1915, ndipo m'kupita kwa zaka nyali zotere zinapitikitsa kabaidi m'migodi yaikuru yonse. Ngakhale tero, mpweya wa m'malasha sunaleke ukali wace. Pa 6 June, 1972, mgodi wa No. 2 ku Wankie, kumene kunali kucokera malasha a ng'anjo za Copperbelt kwa zaka zambiri, unaphulika nupha anthu 427. Mwa iwo munali amuna a ku Zambia, a ku Malawi ndi a ku Mozambique.

Motero kuwala kozizira kunalephera nchito imene anthu anakufunira. Ulemu wace kunaupeza pa nchito yina, ija ya lawi la Davy: kucitira umboni zinthu zimene diso silingazione.

M'caka ca 1928 H. O. Albrecht wa ku Germany anafotokoza za mankhwala ochedwa luminolo. Akasanganizidwa ndi peroksaidi, madzi aja acita thovu pa cironda, angokhala cete, kapena kuwala pang'ono cabe. Koma pakapezeka nkhoswe, awala ndi kuwala kwa mtundu wa thambo. Nkhoswe imodzi ndi citsulo, ndipo m'mwazi wa munthu muli citsulo, m'zofiira zija zinyamula mpweya. M'caka ca 1937 Walter Specht wa ku Jena anaonetsa phindu lace pa milandu. Munthu atapha mnzace angakolope pansi kufikira payera. Koma apolisi akazima nyali nawaza luminolo, pamene panagwa mwazi pawala kwa theka la mphindi, nthawi yokwanira kujambula cithunzi. Specht anaonanso kuti mwazi wouma ndi wakale uwala koposa watsopano.

Pamenepa mkuwa ulowanso m'nkhani. Luminolo sadziwa mwazi. Adziwa nkhoswe cabe. Mkuwa nawo umuwalitsa, ndiponso mankhwala oyeretsera zobvala. Kotero kuwalako si cigamulo; kungolozera wofufuza pamene ayenera kutapa kanthu kokayesa bwino, ndipo wapolisi wa m'matauni a mkuwa ayenera kukumbukira cenjezo limeneli koposa anzace. Koma cimene ciri cobvuta kwa wapolisi cinasanduka cuma kwa woyesa madzi. Popeza kuwala kukula monga mwa kucuruka kwa nkhoswe, munthu wokhala ndi diso la magetsi loyesa kuwala akhoza kuwerengera citsulo kapena mkuwa uli m'madzi. Ndipo mwa nkhoswe zamphamvu koposa muli kobalti, citsulo cimene Nkana inayamba kuturutsa m'zaka za m'ma 1930. M'madzi a nyanja zazikuru kobalti ndi citsulo ziri zocepa kopambana, komabe tizomera tosaoneka timene nsomba zidalira sitingakule popanda izo. Kobalti ndiye mtima wa vitamini B12, amene thupi la munthu limfunanso. Akatswiri oyenda pa zombo ayesa tizigawo timeneti ndi luminolo. Mnyamata wokankha ngolo ya miyala ku Nkana sanauzidwe kuti fumbi la pa malaya ace lingawalitse madzi mumdima.

Ciphaniphani naco cinali cikali ndi cinsinsi. M'caka ca 1947 William McElroy wa ku America anapeza kuti lusiferini ndi lusiferezi wa ciphaniphani siziwala popanda cinthu cacitatu, cochedwa ATP, cimene cinyamula mphamvu m'thupi la camoyo ciriconse, kuyambira njobvu kufikira kacirombo ka matenda. Ku Baltimore iye anali kulipira ana a sukulu tindalama kuti amgwirire ziphaniphani zikwi-zikwi. Tanthauzo la zimene anapeza ndi ili: pamene pali moyo, kapena zotsalira za camoyo, mankhwala a ciphaniphani awala. Lero m'mafakitale a zakudya ndi a zakumwa munthu apukuta tebulo kapena mpope ndi kathonje, nakaika m'kabokosi. M'kamphindi nambala imuuza ngati patsukidwa bwino. M'caka ca 1993 William Jacobs ndi anzace ku New York analowetsa lusiferezi m'tizirombo ta cifuwa cacikuru ca TB, nthenda imene yatha amuna ambiri a mapapo odzala fumbi la miyala. Tizirombo tamoyo tinawala. Timene mankhwala anatipha tinazima. Motero kunatheka kudziwa m'masiku owerengeka mankhwala amene agwira, m'malo mwa kudikira milungu. Njirayo yathandiza ofufuza koposa zipatala. Koma makina ambiri a m'nyumba zoyesera mwazi, ofufuza HIV ndi matenda a ciwindi mwazi usanaperekedwe kwa wodwala, aturutsa yankho lao mwa kaphaliwali ka mankhwala, kamene diso la magetsi lokha likaona.

Utsi nawo uli ndi mboni yace. Wophulitsa miyala aliyense adziwa utsi wofiirira umene utsala pambuyo pa kuombera, ndi lamulo loletsa kubwerera msanga. Kuipa kwa utsi umenewu nkwakuti munthu angaupume, naturuka ali bwino, nadya nsima kwao, ndipo usiku mapapo adzala madzi. Injini za dizilo zituruitsa mpweya wa mtundu womwewo. M'caka ca 1970 Arthur Fontijn ndi anzace anaonetsa kuti mpweya wina wa mtundu umenewu ukakomana ndi ozoni uturutsa kuwala kofiira kozirala, kolingana ndi kucuruka kwace. Makina oyesa utsi wa magalimoto ndi mpweya wa m'mizinda atsata njira imeneyi kufikira lero. Ndi akuru, osanyamulika m'thumba; tizipangizo ta pa lamba timene amuna atsika nato pansi tigwira nchito mwa nzeru yina.

Tsono tizirombo ta pa khungu la nsomba, timene tinalephera kuunikira okumba malasha ndi kukhumudwitsa Dubois, tinalembedwa nchito potsiriza. Kuyambira ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 tigulitsidwa touma m'timabotolo. Woyesa atidzutsa ndi madzi a mcere, nathiramo madzi a mumtsinje kapena oturuka ku fakitale. Madzi akakhala abwino tipitiriza kuwala. Akakhala ndi ululu, monga wa mkuwa wosungunuka, kuwala kucepa pasanathe theka la ora. Njirayi sichula dzina la ululuwo, pakuti imeneyo ndi nchito ya makina ena. Ingoyankha msanga funso loyamba. Anthu a ku Kitwe adziwa kulemera kwa funso limenelo. M'mwezi wa February, 2025, damu la zotsalira za mgodi ku Chambishi linagumuka, madzi a asidi nalowa mu Mwambashi ndi mu Kafue. Nsomba zinayandama zakufa, ndipo mipope ya mzinda inatsekedwa.

Nanga nyali yopanda moto ija? Inabwera mocedwa, ndipo inabwera yaing'ono. M'caka ca 1962 Edwin Chandross, mnyamata wa ku Bell Laboratories, anapeza kuti peroksaidi akakomana ndi mankhwala a mtundu wa oksaleti apatsira mphamvu yao ku utoto, utotowo nuwala. Michael Rauhut ndi anzace a ku American Cyanamid anakonza mankhwalawo kufikira anawala kwa maora ambiri. Cotsatira cace ndi kandodo kapulasitiki kamene ana asewera nako pa zikondwerero, koma kamene asilikari, oyenda pansi pa madzi ndi magulu opulumutsa anthu akasunga m'matumba ao. M'kati mwace muli kabotolo kagalasi kopyapyala. Munthu akapinda kandodoko, galasi lisweka, madzi awiri asanganikirana, ndipo kawala: popanda lawi, popanda mbaliwali, popanda batire, m'madzi kapena mu mpweya woyaka. Sikangaunikire munthu wogwira nchito. Kakwanira kusonyeza njira yoturukira, kapena pamene pagona wobvulala. Kakayaka sikazimitsika kufikira mankhwala atatha. Pamalo ozizira kawala mozirala nikakhalitsa. M'kutentha kwa pansi pa mgodi wakuya kawala kwambiri, nikatha msanga.